Phunziro 6: Kutembenuza Mawu a m'Chiganizo

M'phunziro lino muona momwe mungathandizire ophunzira anu kulemba pulogalamu yotembenuza mawu a m'chiganizo, kuti mawu otsiriza akhale oyamba. Tigwiritsa ntchito Python, chiyankhulo cha kompyuta chimene Guido van Rossum adachitulutsa mu 1991.

Tengani chiganizo ichi: "mphaka waluma galu". Tikufuna kuti kompyuta ilembe "galu waluma mphaka". Musathamangire pa kompyuta. Lembani mawu atatuwa pa makadi atatu, ophunzira atatu awanyamule kutsogolo kwa kalasi, ndipo anzawo awauze momwe aimire. Ana aseka akaona kuti wolumayo ndiye walumidwa, koma aona kuti mawu asintha malo pomwe zilembo za pa khadi lililonse zili momwemo. Izi zitheka ngakhale kusukulu kwanu kulibe magetsi.

Vuto lagona apa. Kwa kompyuta, chiganizo ndi mndandanda wa zilembo chabe, umene umatchedwa string, ndipo mpata wa pakati pa mawu umawerengedwa ngati chilembo. Ophunzira ambiri amangotembenuza string yonse polemba chiganizo[::-1], n'kupeza "ulag amulaw akahpm". Wotereyu musamukalipire. Mufunseni kuti watembenuza chiyani, mawu kapena zilembo? Akayankha yekha, sadzaiwalanso.

Njira yake ndi iyi:

chiganizo = "mphaka waluma galu"
mawu = chiganizo.split()
mawu.reverse()
print(" ".join(mawu))

Mzere wachiwiri ukudula chiganizo paliponse pali mpata, n'kusunga zidutswazo mu list, monga makadi aja. Wachitatu ukutembenuza list. Wachinayi ukulumikiza mawu ndi mpata umene uli pakati pa zizindikiro ziwirizo. Mukauchotsa mpatawo mupeza "galuwalumamphaka".

Chenjerani ndi mzere wachitatu. Wophunzira akalemba mawu = mawu.reverse(), list yake itayika, chifukwa reverse() imasintha list pomwepo ndipo imabweza None, kutanthauza kuti palibe kanthu. Kenaka join() ikana kugwira ntchito, mwana n'kumaganiza kuti kompyuta yawonongeka. Pochonga ntchito zawo, yambani mwayang'ana pamenepo.

Mawu monga "m'nyumba" asakudetseni nkhawa. Popeza mulibe mpata, split() iwatenga ngati liwu limodzi. Ndipo mukasiya split() yopanda kanthu m'kati, ngakhale wolemba atasiya mipata iwiri kapena itatu pakati pa mawu, yankho likhala labwinobwino. Ndi split(" ") sizitero, chifukwa imaikanso zidutswa zopanda kanthu mu list.

Ntchito 6.1

Musanayese pa kompyuta, lembani m'kope mwanu chimene pulogalamu ija ingatulutse itapatsidwa "Mphaka waluma galu." chokhala ndi chilembo chachikulu komanso mpumiro. Mpumiro wapita kuti, ndipo chifukwa chiyani? Sinthani pulogalamuyo kuti mpumiro ubwerere kumapeto, ndipo fotokozani m'mizere isanu momwe mungaphunzitsire zimenezi ndi makadi. Tumizani yankho lanu kwa namkungwi wanu pamodzi ndi ntchito za gawo lino.