ZA TIZIROMBO TA M'MATUMBO NDI MTIMA WA MUNTHU

Mwezi uno phunziro lathu ndi la thupi, ndipo tipempha aphunzitsi a m'midzi kuti aliwerengere iwo amene sadziwa kuwerenga. Masiku ano timva za maliro odzidzimutsa: munthu anauka bwino m'mawa, nalima, nadya, koma madzulo wagwa ndipo mtima waima, wina wafa ziwalo mbali imodzi. Pamenepo ena afulumira kunena kuti walodzedwa, nayamba kuloza zala nkhalamba za pamudzi. Koma anthu ofufuza za matenda apeza kuti nthenda ya mtima icokera patali, ndi kuti muzu wace wina uli m'matumbo.

M'caka ca 1683 Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsaru wa ku Delft m'dziko la Holland, anapala zoyera za m'mano ace, naziyang'ana ndi galasi lokuza zinthu limene anapanga yekha, naona tamoyo tating'onoting'ono tirikuyenda. Tamoyoto lero tichedwa mabakiteriya. Ofufuza a ku Israel anawerengera m'caka ca 2016 kuti munthu wamkuru asenza tizirombo totere ngati 38,000,000,000,000, tolemera pamodzi ngati magalamu 200, ndipo unyinji wace ukhala m'matumbo akuru. Ife tinazolowera kumva kuti tizirombo ndi adani, pakuti kolera ndi taifodi zidza nato. Koma tambiri ta m'matumbo ndi anzathu a m'mbale imodzi: cimene tidya ife, adyako iwonso.

Taonani m'mene cakudya ciyendera. Nsima ikatsikira m'mimba ndi m'matumbo ang'ono, thupi litengako zofewa, ndizo ufa, mafuta ndi zomanga thupi. Zolimba, monga gaga, makoko a nyemba ndi ulusi wa nkhwani, thupi silikhoza kuzigaya. Zipitirira kufikira matumbo akuru, ndipo kumeneko tizirombo tizisasitsa monga thobwa lisasa m'mtsuko. Mpweya umene ubvuta munthu atadya khobwe ndiwo umboni wa nchito imeneyi, ndipo suyenera kum'letsa khobweyo. M'kusasa kumeneku muturuka timadzi towawasa ta mitundu itatu, maina ace acetate, propionate ndi butyrate. Butyrate ndiye cakudya ca khungu la m'kati mwa matumbo, cimene cililimbitsa kuti zoipa zisadutse kulowa m'mwazi. Propionate, poyesedwa pa mbewa, anatsitsa kuthamanga kwa mwazi. Dotolo Denis Burkitt, amene anagwira nchito zaka zambiri ku Uganda, anacenjeza azungu anzace m'zaka za m'ma 1970 kuti alikudwala cifukwa ca kutaya gaga. Ndipo m'caka ca 2019 anthu ena atasonkhanitsa zofufuza zambiri, anaona kuti mwa odya zaulusi zocuruka imfa zinacepa ndi 15 kufikira 30 pa 100, poyerekeza ndi odya zocepa.

Tsono tifike pa mbali yowawa, ndipo tipempha kuti muwerenge pang'onopang'ono. M'cikasu ca dzira, m'ciwindi ndi m'nyama muli cinthu cochedwa choline; m'nyama yofiira ya ng'ombe, ya mbuzi ndi ya nkhosa muli cinanso cochedwa carnitine. Zonsezi si ululu iai, thupi lizifuna. Koma zikacuruka, zotsala zifika kwa tizirombo, ndipo mitundu yina ya tizirombo izidula nituturutsa TMA, cimene ciri ndi pfungo la nsomba yoola. TMA alowa m'mwazi nafika ku ciwindi ca munthu, ndipo ciwindi cim'sandutsa TMAO. Pomaliza impso zim'taya ndi mkodzo.

Amene anaulula njira imeneyi m'caka ca 2011 ndi Stanley Hazen ndi anzace a ku Cleveland Clinic, ku America. Iwo anaona kuti mbewa zokhala ndi TMAO wambiri zinaunjikana mafuta m'mitsempha ya mwazi, monga matope atseka mfuleni pang'onopang'ono. M'caka ca 2016 anaonetsanso kuti TMAO afulumiza mwazi kuundana; ndipo mwazi ukaundana pa malo opapatiza a mtsempha wa kumtima kapena wa kuubongo, ndipo pamene munthu agwa.

Kodi anadziwa bwanji kuti olakwa ndi tizirombo, si thupi lokha? M'caka ca 2013 anadyetsa anthu amoyo 40 mazira awiri owiritsa, ndipo TMAO anakwera m'mwazi mwao. Ena a iwo anawamwetsa sabata lathunthu mankhwala akupha mabakiteriya, nawadyetsanso mazira: TMAO sanaonekenso. Atapita mwezi, tizirombo titabwerera, nayenso anabwerera. Caka comweco munthu wina amene anakhala zaka zoposa zisanu osalawa za nyama anabvomera kudya nthuli yaikuru ya ng'ombe, ndipo mwazi wace sunaonetse TMAO koma pang'ono zedi, popeza tizirombo todya carnitine tinali titasowa m'matumbo mwace. Apa tiphunzira cinthu cacikuru, cakuti munthu aweta tizirombo tace ndi zakudya zace za masiku onse, monga mlimi acurukitsa mbeu imene aithirira. Anatsatanso odwala 4,007 zaka zitatu. Atawagawa magulu anai, gulu la TMAO wocuruka linagwidwa ndi nthenda ya mtima, kufa ziwalo kapena imfa kawiri ndi theka kuposa gulu la wocepa.

Koma pasakhale wina wothamangira kukalanda mwana dzira, nanena kuti nyuzi yatero. Mwana asowa dzira kuti akule, ndipo mai wapakati asowa choline kuti ubongo wa khanda uumbike bwino. Mwambo wakale woletsa mazira kwa akazi ndi ana unapweteka ambiri, ndipo sitiufuna ubwerere ndi dzina latsopano. Ofufuza okhaokha atsutsananso pa nkhaniyi. Nsomba za m'nyanja zamcere ziri ndi TMAO wambiri m'mnofu mwao, cikhalireco odya nsomba akhala ndi mitima yabwino. Ndiponso munthu wa impso zofooka sataya TMAO msanga, cotero ena ati kucuruka kwace kungakhale cizindikiro ca nthenda, monga utsi, osati moto weni weni. Ife tiona kuti mau a gaga ndi masamba ali pa maziko olimba koposa mau a mazira.

Dziko lathu liri m'nkhani imeneyi. M'caka ca 2012 Jeffrey Gordon wa ku St. Louis ndi anzace anayerekeza tizirombo ta anthu a m'midzi ya Malawi, ta Amwenye a ku Venezuela ndi ta anthu a m'mizinda ya America. Anapeza kuti akuru a kuno ali ndi mitundu yocuruka kuposa a ku America, ndi kuti tathu tidziwa kwambiri kugaya zaufa, pamene tao tizolowera zanyama ndi shuga. Cuma cimeneco tinacilandira osadziwa, ndi mgaiwa, nandolo, bonongwe, cisoso ndi mbatata za amai athu.

Cotero cenjezo ili siligwera agogo amene alawa nyama pa ukwati pokha. Ligwera ife amene talandira kandalama, tayamba kunyoza mgaiwa kuti ndi wa amphawi, tikonola cimanga ndi kuciviika mpaka ufa uyere mbee, gaga tipatsa nkhumba, ndipo madzulo alionse tiima pa kanyenya wa mcere wambiri. Ligweranso iwo ogula makapusozi pa msika ndi kumwa pa cimfine ciri conse. Mankhwalawo sasankha, apha tizirombo tabwino pamodzi ndi toipa, ndipo cimfine sacidziwa n'komwe. Amwedwe pokhapo dotolo atalamula. Ndipo munthu ali yense wopitirira zaka 40 apite ku cipatala akayezetse kuthamanga kwa mwazi ngakhale sakumva kuwawa, pakuti nthendayi kawirikawiri ibisala zaka zambiri, ndipo kuyezako sikutenga mphindi zisanu.