Buku Alilandira, Koma Musathamangire Kusaina

Tiyambe ndi kalata ya mnyamata wa ku Mchinji. Akuti, "Nkhani yanga yadzaza makope 6 a kusukulu. Nditumize makopewo kwa osindikiza?" Ayi achimwene, kataipitseni kaye. Ndipo chija ndimanena sabata iliyonse ndichibwerezanso: kope lokhalo limene muli nalo lisatuluke m'nyumba. Chinua Achebe anatumiza Things Fall Apart yolemba pamanja kwa otaipa a ku London, ndalama n'kulipira, iwo n'kungoikhalira miyezi. Anachita kukawalondola ndi Angela Beattie, bwana wake wa ku wailesi ya ku Nigeria. Buku linatuluka mu 1958, koma linangotsala pang'ono kutayika. Sungani pa fulashi, mudzitumizirenso pa imelo.

Bambo a ku Balaka akufunsa za nambala ya ISBN. Imapezeka ku National Archives, ku Zomba. Ngati buku likutuluka ndi kampani, imeneyo ndi ntchito yawo.

Tsopano iyi ndikhalapo pang'ono. Yachokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku Ntcheu. Akuti, "Buku langa la Chichewa lakhala likukanidwa zaka 9. Mwezi watha kampani ina yalilandira, koma akuti ndichotse mitu 4, ndisainenso mgwirizano pasanathe sabata. Ndikuopa kufunsa zambiri, angasinthe maganizo."

Mayi, ndakunyadirani. Zaka 9 si masewera, ambiri amaotcha mapepala chaka chachiwiri. Tonse tikudziwa mmene zilili kuno kwathu: osindikiza amadya za mabuku a sukulu, ndiye nkhani yopeka imene sili pa silabasi amaiona ngati yodyetsa ndalama. Kukanidwa kwanu konse kuja sikunali koti simudziwa kulemba. Tsitsi Dangarembga anamukana kwawo ku Zimbabwe konko, Nervous Conditions n'kukatuluka ku London mu 1988 ndi a Women's Press. Marlon James wa ku Jamaica buku lake loyamba linakanidwa ka 78, mpaka analifufuta pa kompyuta. Linadzatuluka mu 2005, ndipo mu 2015 mwini wakeyo anapata mphoto ya Booker ndi buku lina.

Za mitu 4 ija, walira mvula walira matope. Mkonzi amene wawerenga mpaka kuloza mitu yochotsa ndiye kuti wawerengadi. Mufunseni chifukwa chake mutu uliwonse. Mwina itatu mupeza kuti akunena zoona, wachinayiwo muumenyere nkhondo. Ndi mmene buku limapangidwira.

Chandivuta ine ndi sabata imodzi akupatsaniyo. Alembi anzanga, ndikudandaulireni. N'chifukwa chiyani munthu wopirira zaka 9 akulephera kupirira masiku 14 kuti awerenge masamba atatu a mgwirizano? Chimwemwe chimatiphimba m'maso. Tikangomva kuti "talilandira", cholembera chili kale m'manja, ngati akutichitira chifundo. Si chifundo ayi, ndi malonda, ndipo katundu ndi wanu.

Kunabwera bambo wina wachikulire ku ofesi kwanga, pepala lake la mgwirizano litachita kufiira ndi ukale. Anagulitsa buku lake kamodzi n'kamodzi, ndalama yake n'kugula njinga. Buku lija analisindikiza kambirimbiri, ana n'kumaliwerenga m'sukulu, iye osaonanso ngakhale tambala. Anandifunsa kuti tingatani. Nditawerenga pepalalo ndinasowa chomuuza, chifukwa umwini wonse anaupereka ndi dzanja lake. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Ndiye mayi, tengani mgwirizanowo mukhale nawo pansi. Kodi mukuwabwereka ufulu wosindikiza, kapena mukuwagulitsa umwini? Kwa zaka zingati? Pa buku lililonse logulidwa mupeza zingati, ndipo akuwerengera pa mtengo wa m'sitolo kapena pa ndalama yofika kwa iwo ogulitsa atachotsa yawo? Zimenezi zimasiyana kwambiri. Azikuonetsani liti chiwerengero cha mabuku ogulidwa? Mabuku akatha iwo osasindikizanso, ufulu ubwerera kwa inu? Nanga wina akafuna kulimasulira m'Chingerezi, kapena kulisandutsa sewero la pa wailesi, wololeza ndani? Zonsezi zilembedwe. Za pakamwa musavomere, ngakhale mkonziyo mumapemphera naye mpingo umodzi.

Chinanso, m'kalata mwanu simunanene ngati akukupemphani ndalama. Ngati akutero, dziwani kuti sanalilandire bukulo, akukugulitsani ntchito yosindikiza. Kudzisindikizira si tchimo, Aubrey Kalitera ankatulutsa yekha mabuku ake ku Blantyre ndipo anthu ankawawerenga. Koma wolipira ndiye mwini mabuku onse ndi phindu lake. Kulipira inu, umwini n'kutenganso iwo, zimenezo ayi.

Musaope kuti athawa. Kampani yoona sithawa mafunso. Alembereni mwaulemu kuti mukupempha masabata awiri, mgwirizanowo mukauonetse ku bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA ku Lilongwe kapena kwa anzanu a bungwe la alembi la MAWU, ndipo mukasaina, kope limodzi likhale lanu. Mukatero mutilemberenso, mayi, timve mmene zathera.