Phunziro la Makalabu: Psoriasis, Nyamakazi ndi Kachirombo ka HIV

Achinyamata anzanga, kuno ku Nsanje munthu akatuluka zigamba pakhungu, ena amati ndi khate, ena amati walodzedwa, ndipo ena amangoti "wayamba Edzi". Mwezi uno tiphunzire za matenda a pakhungu otchedwa psoriasis, kuti tileke kusala anzathu pa chinthu chimene sitikuchidziwa.

Psoriasis ndi chiyani?

Ndi matenda amene chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kumafulumizitsa khungu kukula. Khungu lathu limasinthika pafupifupi mwezi uliwonse, koma la wodwala psoriasis limasinthika m'masiku ochepa, choncho limaunjikana n'kupanga zigamba zokhuthala za mamba otuwa. Zimakonda m'zigongono, m'mawondo, m'mutu ndi m'munsi mwa msana. Pakhungu lakuda zimaoneka zoderapo kapena zotuwa. Zikhadabo nazo zimatha kukumbika timaenje.

Matendawa SAPATSIRANA. Mutha kudyera mbale imodzi ndi wodwala, kum'patsa moni wa pamanja kapena kusewera naye mpira. Chigamba cha khate chimachita dzanzi, pamene cha psoriasis nthawi zambiri chimayabwa. Komabe wosiyanitsa bwino ndi dokotala.

Ikafika m'mafupa

Ena mwa odwalawa amadwalanso nyamakazi. Zizindikiro zake ndi kuuma kwa mfundo za mafupa m'mawa, chala chonse kutupa, kupweteka kwa chidendene kapena msana. Mukachedwa nayo, mfundo zimawonongeka osabwereranso. Mlimi amayamba kulephera kugwira khasu, msodzi wa pa Shire kulephera kupalasa bwato.

Nanga HIV ikubwera pati?

Kukhala ndi psoriasis sikutanthauza kuti munthu ali ndi kachirombo. Koma HIV imatha kuchititsa kuti psoriasis ibuke mwadzidzidzi kapena ikule kwambiri. N'chifukwa chake aliyense amene zigambazi zamufalikira msanga ayenera kukayezetsa magazi. Kuyambira 2016, m'Malawi muno wopezeka ndi kachirombo amayamba ma ARV nthawi yomweyo, ndipo kwa ambiri khungu limasintha akamamwa mokhulupirika.

Chithandizo

Mankhwala othetseratu psoriasis palibe, koma ochepetsa alipo.

1. Dzolani Vaseline tsiku lililonse mukangosamba. Musakande kapena kupala mamba.
2. Mankhwala opaka monga salicylic acid ndi betamethasone agwiritseni ntchito monga adokotala akuuzirani. Musagule zodzola zoyeretsa khungu pamsika.
3. Musamwe prednisolone mwa nokha. Mukasiya, matenda amatha kubwerera mwamphamvu kuposa kale.
4. Ibuprofen ndi diclofenac amachepetsa ululu, koma kumwa nthawi yaitali kumawononga m'mimba ndi impso. Amene ali pa ma ARV afunse kaye kuchipatala.
5. Nyamakazi ikakula, dokotala atha kupereka methotrexate. Mankhwalawa sayenderana ndi Bactrim amene anzathu ambiri a HIV amamwa, chifukwa pamodzi amawononga magazi. Ndi oopsanso kwa mayi woyembekezera ndipo sagwirizana ndi mowa. Nthawi zonse onetsani buku lanu la kuchipatala.

Yambani ku chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ku Nsanje Boma, ku Kalemba ku Bangula kapena ku Trinity ku Fatima. Vuto likakula amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Matenda ena oyenda nawo

Odwala psoriasis amakhala pa chiopsezo cha shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima, choncho aziyezetsa pafupipafupi. Fodya, mowa, kunenepa kwambiri ndi nkhawa zimakulitsa vutoli. Ambiri amavutikanso maganizo chifukwa chosekedwa. Mu 2014 msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unavomereza kuti odwalawa amasalidwa ndipo akufunika chithandizo. Dziko lonse limakumbukira matendawa pa 29 Okutobala.

Mafunso okambirana pa kalabu

1. Mnzanu wasiya kubwera ku kalabu chifukwa cha zigamba. Mungamuuze chiyani?
2. N'chifukwa chiyani kuweruza munthu poona khungu kuli kulakwa?
3. Konzani sewero lalifupi loti mukaonetse m'mudzi mwanu pa 29 Okutobala.