Khoma la m'cipinda ca agogo

Ku Messumba, m'mbali mwa nyanja ya Niassa, kuli nyumba ya dothi yofolera ndi udzu. Mwezi wa Juni unafika. Mwera unkaomba usiku wonse, ndipo asodzi anakokera mabwato kumtunda.

Agogo anali atabwera kucokera ku Cóbuè. Iwo ankatsokomola. Khoma la m'cipinda cawo linali ndi ming'alu, ndipo mphepo inkalowa momwemo.

"Amayi, agogo sakugona tulo," anatero mdzukulu wawo wamkazi. "Akuti kumsana kukuwazizira."

M'mawa amayi anaponda dothi namata ming'alu yonse. Litauma, anazira khoma ndi dothi loyera. Atate anabwera ndi mphasa ya bango, naimangirira pakhoma ndi luzi. Pamwamba pa mphasa amayi anapacika nsalu imene anagula kale pamsika wa ku Metangula. Ena amati kapulana. Inali ndi maluwa ofiira ndi masamba obiriwira. Nsaluyo siinali yatsopano ayi, koma cipinda cinakongola ngati muli ukwati.

Mtsikana uja anatsinzina, nayamba kukhudza ndi zala. Khoma linali losalala. Mphasa inali yokhakhala, zala zinkangodumphadumpha pa bango. Nsalu inali yofewa.

Madzulo mlongo wake anayatsa nyali, naiika pansi pafupi ndi khoma. Nsalu inagwedezeka pang'ono, nsonga yake inatsala pang'ono kukhudza moto.

"Iwe, cotsa nyaliyo msanga!" anafuula agogo. "Nsalu ikagwira moto, denga la udzuli silicedwa."

Mnyamatayo anaika nyali pa kampando, pakati pa cipinda. Usiku umenewo mwera unaombanso, koma agogo anagona mpaka tambala analira.

Loweruka lililonse amayi amatsitsa nsalu ndi mphasa. Amazikutumula ndi kuziyanika padzuwa, cifukwa nsikidzi ndi mphemvu zimakonda kubisala kuseri kwake.

Mafunso

1. Kodi mphepo inkalowa pati?
2. Atate anamangirira ciyani pakhoma?
3. N'cifukwa ciyani agogo anafuula?

Kunyumba

Tsinzinani, mukhudze khoma, mphasa ndi nsalu ya amayi. Nenani cosalala, cokhakhala ndi cofewa. Funsani akuluakulu kumene amakumba dothi lozirira nyumba m'mudzi mwanu, ndipo mawa mubwere nalo pang'ono kusukulu.