Musanagule galimoto ya m'tauni, yambani mwaona utsi wake

Alimi anzanga, okushoni ikatsegulidwa ku Kanengo, ogulitsa galimoto nawonso amadzuka m'mamawa. Chaka chilichonse ndimaona zomwezi. Mlimi wa ku Kasiya, ku Mitundu kaya ku Nambuma wagulitsa bwino mabelo ake, kapena soya wamuyendera, ndiye akuti chaka chino basi, zobwereka lole ya eni zandikwana. Amakwera minibasi kubwera ku Lilongwe, wina n'kumulondolera ku Area 11, ku Area 10 kaya ku Area 43 kumene bwana wina akugulitsa galimoto yaikulu ija yokoka ndi mateyala onse anayi. Galimotoyo imakhala yonyezimira, mipando yosang'ambika, ndipo mwini wake amanenetsa kuti sinapondepo msewu wafumbi. Kawirikawiri amakhala akunena zoona, koma vuto lagona pomwepo.

Ine ntchito yanga ndi ya nthaka ndi mbewu, si umakaniko. Nkhaniyi ndinaiphunzira pamsewu. Mu August 2023 bambo wina wokhala ku Area 11, chapafupi ndi hotela ya Capital, anandilemba ganyu yoti ndikatape dothi m'munda wake cha ku Namitete kuti likayezedwe. Tinanyamuka pa galimoto yake ya dizilo yoitanitsa kunja, kumbuyo titaika matumba angapo a laimu. Titangodutsa pa Chitedze, kanyale kachikasu kanayaka patsogolo pa dalaivala ndipo galimoto inafooka ngati ng'ombe yomwe yagona ndi njala. Bamboyo amati akaponda moto, iyo osamva. Tinafika kumunda dzuwa litapendeka, anyamata omwe amatidikira atabalalika kale, ndipo ntchito ya tsiku limodzi inatenga masiku awiri. Makaniko atayang'ana anapeza kuti sefa ya mu ekizozi yatsekeka ndi mwaye, ndipo oilo mu injini wachuluka kupitirira muyezo ngakhale panalibe yemwe anaonjezera.

Sefa yomwe alimi ambiri saidziwa

Galimoto zakale za dizilo, monga ma Land Cruiser ndi ma Hilux omwe alangizi a zaulimi ankayendera kale, zinalibe zambiri kumbuyoku. Utsi unkatuluka mu injini, kudutsa mu sailensa, n'kupita kunja. Galimoto zatsopano zopangidwira ku Japan ndi ku Ulaya sizili choncho. Malamulo a kumeneko amaletsa utsi wa mwaye, kotero kuyambira cha m'ma 2009 pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano ya dizilo ku Ulaya imabwera ndi sefa yotchedwa DPF. Sefayi ili ndi timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, ndipo ntchito yake ndi kugwira mwaye kuti usatuluke.

Tsono sefa iliyonse imadzaza. Kuti iyeretsedwe, kompyuta ya galimoto imathira dizilo woonjezera kuti ekizozi itenthe kufika pafupifupi madigiri 600, mwaye uja n'kupsa. Ntchitoyi imafuna injini yotentha bwino komanso ulendo wosaimaima wa mphindi 20 kapena 30. Apa ndi pomwe galimoto ya ku Area 11 imagwera m'mavuto. Kuchokera kunyumba kupita ku Capital Hill kaya ku City Centre ndi ulendo wa mphindi zochepa. M'mawa isiya ana kusukulu, masana ipita kukadya nkhomaliro, madzulo ili pamzere wa galimoto wopita ku Old Town. Kompyuta ikangoyamba kuwotcha mwaye, mwini wake wafika kale n'kuzimitsa injini. Mawa chimodzimodzi. Mu injini zambiri dizilo woonjezera uja amatsikira pansi n'kusakanikirana ndi oilo, ndipo oilo wosungunuka choncho sateteza zitsulo. N'chifukwa chake pa Mazda CX-5 ya dizilo, chitsulo choyezera oilo chili ndi chizindikiro cha X pamwamba pa muyezo: oilo akafika pamenepo ayenera kukhetsedwa, ngakhale nthawi ya sevisi isanakwane.

Musaganize kuti ndi vuto la ife osauka tokha. Ku Australia eni galimoto anasumira kampani ya Toyota chifukwa cha sefa yomweyi pa ma Hilux, Fortuner ndi Prado a dizilo ogulitsidwa pakati pa October 2015 ndi April 2020. Galimoto zake zinali zoposa 260,000. Madandaulo awo anali utsi woyera wonunkha, kumwa mafuta kwambiri ndi kupita kugalaja pafupipafupi, ndipo mu April 2022 bwalo lamilandu la Federal Court linagamula kuti sefayo inalidi ndi chilema. Ngati zinavuta kumene kuli magalaja ndi zipangizo paliponse, nanga bwanji kwa mlimi wa ku Malingunde?

Mankhwala ake oyamba ndi osavuta. Kanyale ka sefa kakayaka, musazimitse injini. Lowani msewu wa tala monga wa ku Mchinji, wa ku Salima kaya wa ku Dedza, ndipo yendani mosadukiza pa liwiro la makilomita 60 mpaka 80 pa ola kufikira kanyaleko katazima. Mukachedwa, kompyuta imachepetsa dala mphamvu ya injini monga zinatichitikira ife, ndipo pamenepo mpaka makaniko wokhala ndi makina olumikiza ku galimoto. Oilo wakenso ndi wapadera, wosasiya phulusa lambiri. Oilo wa thilakitala kapena wa chigayo amapha sefayi msanga.

Amakaniko ena amangoti tiyeni tiigumule, tiuze kompyuta kuti iiwale. Ndimamvetsa, pakuti sefa yatsopano ndi yodula koopsa. Koma ine sindilimbikitsa zimenezi. Mwaye umene sefa inkagwira umakathera m'mapapo a anthu, ndipo mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Ngati mukudziwa kuti simungaisamale sefayi, nzeru ndi kugula galimoto yopangidwa popanda sefa, osati kugula ya sefa n'kuithena.

Mafuta a m'zigubu

Alimi tonse timadziwa chilembo S pa thumba la feteleza wa 23:21:0+4S. Salufa ndi chakudya cha chimanga, koma mu dizilo ndi mdani wa injini zatsopano. Ku Japan ndi ku Ulaya dizilo amakhala ndi salufa wosapitirira magawo 10 pa miliyoni. Kuno tinatsikira pa magawo 50 mu 2017, pamodzi ndi Mozambique ndi Zimbabwe, zomwe zinathandiza kwambiri. Chomwe chatsala ndi chigubu. Mafuta akasowa, monga zinalili mu 2011 ndi 2012 komanso mobwerezabwereza kuyambira 2022, timagula kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, ndipo sitidziwa kuti muli madzi, fumbi kaya palafini. Injini zakale zinkapirira. Zatsopanozi zimapopa dizilo ndi mphamvu yoposa mabaa 1,500, pomwe teyala la galimoto yomweyo timalipopa mabaa awiri kapena atatu okha. Pampu ndi ma injekita ake amadalira dizilo yemweyo kuti aterere. Palafini ndi wouma, ndiye amazidya pang'onopang'ono. Ngati palibe kuchitira mwina, lolani chigubu chikhale usiku wonse kuti zinyalala zitsike, sefani pothira, ndipo musathire madontho omalizira. Pansi pa sefa ya dizilo pali kampopi kokhetsera madzi. Funsani makaniko akuonetseni.

Kuwerenga utsi

Monga tsamba la chimanga limatiuza chomwe chikusowa m'nthaka, utsi nawo umaulula za m'kati mwa injini.

Utsi wakuda ndi dizilo wochuluka pomwe mpweya ukuchepa. Musanaganize zazikulu, tsegulani sefa ya mpweya. M'misewu yathu ya kumudzi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, sefayi imadzaza fumbi nthawi yolembedwa m'buku isanakwane. Ikakhala yoyera, ndiye ganizirani za ma injekita otha, paipi ya tebo yong'ambika, kapena valavu ya EGR yomata ndi mwaye. Katundu wopitirira muyezo nayenso amatulutsa utsi wakuda pachitunda. Dziwaninso kuti galimoto ya sefa ya DPF siyenera kutulutsa utsi wakuda n'komwe. Ikatero, sefayo inasweka kapena wina anaichotsa kale osakuuzani.

Utsi wabuluu ndi oilo amene akupsa: maringi atha, timalabala ta mavalavu tauma, kapena tebo ikudontha. Imeneyo ndi ndalama yambiri.

Utsi woyera ndiwo umasokoneza anthu. M'mawa wa June kapena July kuno ku Lilongwe kumazizira, ndipo nthunzi yopyapyala yomwe imatha injini ikatentha si matenda. Koma utsi woyera wokhuthala wosatha, pomwe madzi mu rediyeta akuchepa tsiku ndi tsiku popanda pomwe akudonthera, umasonyeza kuti gasiketi ya pamutu pa injini yapsa. Tsegulani chotsekera oilo: mukaona zoyererako ngati tiyi wamkaka, madzi ndi oilo zakumana. Utsi woyera wowawa m'maso, wonunkha dizilo wosapsa, umachokera ku ma injekita, ku mapulagi otenthetsera injini m'mawa, kapena ku madzi a m'chigubu aja.

Utsi wosaoneka

Woopsa kuposa onsewa alibe mtundu kapena fungo. Ndi mpweya wa carbon monoxide, umodzimodzi ndi umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Injini ya petulo imautulutsa kwambiri kuposa ya dizilo. Ekizozi ikaboola ndi dzimbiri, kapena ikagunda chitsa kaya mwala popita kudimba, mpweyawu umalowa m'galimoto kudzera pansi kapena pa chitseko chakumbuyo. Ku America apolisi a mzinda wa Austin anaimitsa galimoto zawo za Ford Explorer pafupifupi 400 mu 2017 chifukwa cha nkhawa yomweyi. Boma la kumeneko linafufuza mpaka January 2023, ndipo linapeza kuti zambiri zinkachokera ku mabowo osatsekedwa bwino omwe anthu anaboola poika zipangizo zoonjezera, kapena pokonza galimoto yogundidwa kumbuyo. Ganizirani tsono za galimoto zathu zomwe tawotchereza kangapo pansi pa mtengo.

Amene amakhala kumbuyo ndi ana athu ndi aganyu. Akayamba kudandaula mutu, chizungulire, nseru kapena tulo tachilendo, musangoti ndi mabampu. Imani, atuluke apume mpweya wabwino, ndipo wina akakomoka thamangirani naye kuchipatala. Musayende chitseko chakumbuyo chili chotsekula chifukwa cha mapaipi kapena milimo yaitali, pakuti chimayamwira utsi m'kati. Musagonenso m'galimoto injini ikulira podikira mzere wa mafuta.

Chinanso n'cha moto. Ekizozi yotentha imayatsa udzu wouma ndi mapesi. M'mwezi wa September ndi October imikani galimoto pamalo osesa, kutali ndi chigafa ndi nkhokwe, ndipo mukachoka kumunda suzumirani pansi muchotse udzu womwe wakola.

Tsiku logula

Pitani m'mamawa, ndipo muuzeni wogulitsa kuti asalize injini musanafike. Ikani dzanja pa injini. Ikakhala yofunda kale, funsani chifukwa chake, poti injini yotentha imabisa utsi komanso kuvuta kulira. Tengani makaniko wanu, osati wobwera ndi dobadoba. Inu imani kumbuyo iye akuliza. Mverani kaphokoso ka "tiki tiki" komwe kamatha injini ikatentha, chifukwa nthawi zambiri ndi mng'alu pomwe ekizozi imayambira. Gonani pansi muone ngati pali mwaye wakuda m'malo olumikizira mapaipi, kapena powotcherera patsopano pa bokosi la sefa. Pa galimoto ya petulo onaninso ngati bokosi loyeretsa utsi lilipo, pakuti muli zitsulo zodula monga platinum ndipo ena amalichotsa galimoto isanafike kwa mwini. Mukatembenuza kiyi, tinyale tonse tiyake kaye kenako tizime. Kanyale kosayaka n'komwe kangakhale kochotsedwa dala.

Kenako musavomere kungozungulira mu Area 11 momwemo. Thirani mafuta a ndalama zanu, kwezani anthu anayi kapena matumba angapo, ndipo pitani mpaka ku Nathenje kaya ku Lumbadzi. Pobwera yezaninso oilo ndi madzi, ndipo yerekezani ndi momwe zinalili ponyamuka.