Za Sukulu ya Mtundu ndi Eni Ache

Abale a m'midzi, phunziro lathu la mwezi uno linena za masukulu akulu otchedwa a anthu a m'dera. Funso tifuna kuti mulisinkhesinkhe pamodzi ndi mafumu anu ndi ili: kodi sukulu ikhala ya anthu chifukwa yamangidwa pakati pao, kapena chifukwa iwo ndiwo aiweruza?

M'chaka cha 2015 Boma la Malawi linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Pulezidenti Peter Mutharika anatsegula yoyamba pa Ngara, m'boma la Karonga. Ife a kuno pakati tidziwa ya Mponela ku Dowa, ya Chongoni ku Dedza ndi ya Kapondo ku Mchinji. Kale masukulu akulu a umisiri anali 7 okha m'dziko lonse, ndiwo Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo anyamata ndi asungwana ambiri omaliza Fomu 4 anangobwerera kumudzi, malo atasowa. Tsopano mwana akhoza kuphunzira kumanga, ukalipentala, kusoka kapena kuwotcherera zitsulo pafupi ndi kwao. Ichi nchabwino ndithu, ndipo tisachichepse.

Komatu taonani kumene kuli chingwe. Makolejiwa anaikidwa pansi pa Unduna wa za Ntchito, ndipo za maphunziro ache ayang'anira ndi bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, limene lilandira msonkho kwa olemba anthu ntchito, kwacha imodzi pa makwacha 100 alionse a malipiro. Zonsezi zili ku Lilongwe. Amene munafikako ku Area 43 munaona nyumba zazikulu za mipanda yaitali ya njerwa. Mipanda imeneyo anaimanga ndi ana a m'midzi, koma m'kati mwache ndimo mugona ena a akulu amene anena chimene ana a m'midzi adzaphunzira. Sitiwaneneza iai, pakuti ambiri a iwo anabadwira m'midzi momwemo. Tingoti mudzi upereka malo ndi ana, koma mau otsiriza achokera kutali.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tiwoloke nyanja, tikaone mtundu wina umene unayesa njira yina. Ku America, m'dziko louma la Arizona, kuli mtundu wa anthu oweta nkhosa otchedwa Navajo, amene adzitcha okha Diné, ndiko kunena kuti Anthu. M'chaka cha 1864 asilikali a Boma la America anawachotsa kwao, nawayendetsa pansi ulendo wautali kunka ku Bosque Redondo, kumene ambiri anafa ndi njala ndi nthenda. Mu 1868 anawalola kubwerera, napangana nao kuti Boma lidzapereka mphunzitsi mmodzi pa ana 30 alionse. Masukulu anafikadi, koma anali ogonera komweko, kutali ndi makolo, ndipo mwana wolankhula chinenero cha amache analangidwa. Amene anapitirira kunka ku makoleji a Azungu, ambiri anabwerera osamaliza, pakuti anali ngati alendo kumeneko.

Zitapita zaka 100 chipanganire pangano lija, mu 1968, bwalo la akulu a mtunduwo, mtsogoleri wao ali Raymond Nakai, linapangana kuti likhazikitse koleji yaoyao. Anaitcha Navajo Community College, ndipo ndiyo inali yoyamba m'dzikomo kukhazikitsidwa ndi kuweruzidwa ndi mtundu wa eni nthaka. Analibe nyumba. Anayamba kuphunzitsa mu Januwale 1969 m'zipinda zobwereka za sukulu ya Boma pa Many Farms, ophunzira ali ngati 300. Pano tidabwa pang'ono, chifukwa ife tizolowera kuyamba ndi kuumba njerwa, za ulamuliro tidzaona pambuyo. Iwo anayamba ndi bwalo, njerwa zinatsata: anasamukira ku malo aoao pa Tsaile mu 1973.

Bwalo limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse. Anasankha akulu a mtundu wao kuti akhale oyang'anira koleji, ndipo iwo ndiwo analemba ntchito mkulu wa sukulu, nasunga thumba la ndalama, nanena zoti ziphunzitsidwe. Mkulu woyamba anali Mzungu, Robert Roessel, amene anakwatira mkazi wa mtunduwo. Koma sanakhalitse pampando, pakuti mu 1969 anausiyira Ned Hatathli, mwana wa mtunduwo. Pabwalopo anapatsanso mpando kwa wophunzira mmodzi, kuti dandaulo la ana lisamveke ndi mphekesera chabe. Ndipo popeza eni ache ndiwo anaweruza, chinenero chao, mbiri yao ndi miyambo yao zinalowa m'kalasi pamodzi ndi masamu ndi Chingerezi. Ngakhale nyumba za pa Tsaile anaziyala mozungulira, khomo loyang'ana kum'mawa, monga amangira nyumba za makolo ao. Mu 1997 anachotsa dzina limene alendo anawapatsa, naitcha Diné College.

Wina adzati, amenewo anali ndi chuma, ife tiribe. Si choncho kwenikweni. Mtunduwo unaperekadi ndalama zache, koma sizinakwanire, ndipo anapempha kwa Boma la America. Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inapanga lamulo lothandiza koleji imeneyi mu 1971, ndi lina mu 1978 lothandiza makoleji a mitundu yonse ya eni nthaka, amene tsopano apitirira 30. Kawirikawiri ndalama zofika zinachepa poyerekeza ndi zimene lamulo linalola, ndipo makolejiwo anasauka nazo. Paja akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chimene tifuna muone ndi ichi, kuti analandira thandizo la Boma osapereka mpando wao. Wopereka ndalama ali nayo mphamvu yofunsa m'mene zayendera, ndipo ayenera kufunsa. Koma kusankha mkulu wa sukulu kunatsala m'manja mwa eni.

Tisabise kuti njira imeneyi ili ndi minga yache. Sukulu ikakhala ya mtundu, mikangano ya mtundu ilowanso m'menemo. Wapabwalo afuna mphwache alembedwe ntchito, mfumu ifuna mwana wa mlongo wache alowe ngakhale sanakhoze, ndipo mphunzitsi wabwino wochokera kwina aonedwa ngati wobwera. Kuno kwathu chiliponso china: Achewa, Angoni, Ayao ndi Atumbuka tikhala mosakanizana, makamaka mu Lilongwe, kotero kuti sukulu yotsekera mwana khomo chifukwa cha mtundu wache ingatigawanitse. Koleji ya Navajo ilandira ndi ana a mitundu yina omwe. Kwa ife mau oti eni ayenera kutanthauza onse akumwa madzi a m'dera limenelo.

Makomo olowera alipo kale, ngakhale ndi opapatiza. Kuyambira pa lamulo la maboma aang'ono la 1998, mudzi uli ndi komiti yache ya chitukuko, dera la mfumu yaikulu lili ndi yache, ndipo mafumu akulu akhala nao pa khonsolo ya boma, kungoti saponya voti. Tsono komiti ya kwanu ikadzakumananso, mmodzi wa inu aimirire mwaulemu, afunse kuti pa komiti yoyang'anira koleji ya m'boma lanu pakhala anthu angati a m'midzi, anawasankha ndani, ndipo anaona liti buku la ndalama. Afunsenso ngati maphunziro a pamenepo ayenerana ndi ntchito za kwanuko, monga kukonza mijigo, ngolo ndi zigayo. Yankho limene mudzalandira mutilembere, tidzalisindikiza m'mwezi wotsatira.