Phunziro 7: Mmene Matenda Amasinthira Chibadwa cha Nyama Zakutchire

Cholinga

Pomaliza phunziroli muzitha kufotokozera ophunzira anu chifukwa chake mibadwo ya nyama yobadwa mliri utadutsa imapirira nthendayo.

Nkhani ya akalulu a ku Australia

Mu 1950, ku Australia anamwaza kachilombo ka myxoma pofuna kuchepetsa akalulu omwe ankatha msipu wa nkhosa. Poyamba, pa akalulu 100 aliwonse odwala, pafupifupi 99 ankafa. Zaka khumi zisanathe, ambiri anayamba kupulumuka. Chinachitika n'chiyani?

Ana ambiri adzakuyankhani kuti, "Akaluluwo anangozolowera." Apatu mpofunika kuwawongolera. Kalulu sasankha chibadwa chake. Ochepa anabadwa kale ndi ma gene a chitetezo cha m'thupi osiyanako ndi a anzawo. Amenewa ndiwo anatsala, n'kuswana, n'kupatsira ana awo ma gene omwewo. Nakonso kachilomboko kanasintha. Mtundu wopha msanga sunkafala kwambiri, chifukwa kalulu ankafa udzudzu usanatenge nthendayo kupita nayo kwa mnzake.

Kafukufuku wa mu 2019 anayerekeza DNA ya akalulu akale osungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi ya akalulu amakono. Anapeza kuti ku Australia, France ndi Britain, komwenso mliriwu unafika, ma gene ambiri omwe anasintha ndi amodzimodzi.

Ntchito

Ikani nyemba zoyera 90 ndi zofiira 10 m'lichero. Nyembazo ndi akalulu, ndipo zofiira ndi opirira. Mwana mmodzi akhale "mliri", achotse zoyera 80 ndi zofiira 2. Afunseni: pa zotsalazo, gawo la zofiira lakula bwanji? Nanga mbadwo wotsatira udzaoneka motani?